Kukonzekeretsa amayi odwala shuga asanatenge pakati: zolemba za ntchito ya ku Chipata

Mwezi woyamba, m'chisanu

Ntchitoyi ikuchitika pa kiliniki ina ya m'boma la Chipata. Timalemba mwezi uliwonse kuti anzathu a ku Katete, Chadiza, Lundazi, Petauke ndi kwina aone zimene zikuyenda ndi zimene zikutivuta.

Tayamba ndi kuunika makadi a tsiku la shuga, ndipo vuto laonekera msanga. Mayi wodwala shuga amalowa zipinda zitatu pakiliniki pano, koma a m'zipindazo sauzana kanthu. Pa tsiku la shuga amayezedwa, kulandira mapiritsi n'kumapita, palibe womufunsa za kubereka. Kuchipinda cha chilezi amabayitsa jakisoni, palibe womufunsa za shuga. Ku sikelo ya amayi apakati amafika mimba ili ndi miyezi 4 kapena 5, chifukwa kwathu kuno mimba yaing'ono sailengeza.

Apo n'kuti nthawi yofunika kwambiri itapita kale. Kanjira kamene kamasanduka ubongo ndi msana wa mwana kamatsekeka pofika tsiku la 28 chitengereni pakati, mayi atangodumpha msambo ndi masabata 2 okha. Mtima umakhala utaumbika pofika sabata ya 10 kuwerenga kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza. Shuga akakhala wokwera m'masabata amenewa, mwana akhoza kubadwa ndi chilema cha mtima kapena cha msana, kapenanso mayi kupita padera. Kutsitsa shuga pa mwezi wa 5 kumathandiza zambiri, koma sikungaumbenso chimene chinaumbika kale. Mmera mpoyamba.

Choncho taika funso limodzi pa tsiku la shuga, lofunsa mayi aliyense wa zaka 15 mpaka 49: "Amayi, kodi muli ndi maganizo otenga pakati m'miyezi 12 ikubwerayi?" Limafunsidwa m'chipinda, chitseko chili chotseka, osati pabenchi pamene pakhala anansi awo. Mayankho amakhala atatu: inde, ayi, ndi lakuti zili kwa Mulungu. Yankho lachitatuli timalilemba ngati inde. Mayi amene ali ndi mwamuna, sakugwiritsa njira ya chilezi ndipo akusamba, mimba ikhoza kubwera mwezi uliwonse, kaya waiganizira kapena ayi.

Woyankha inde amalandira khadi lina lapadera, lomata kumbuyo kwa khadi la shuga. Pali malo olemba mankhwala onse amene akumwa, njira ya chilezi, tsiku la msambo, BP, kulemera, kuchuluka kwa magazi, HbA1c (muyeso wa shuga wa miyezi yapitayo), impso ndi maso.

Mwezi wachiwiri

Mwezi uno wapita ndi mankhwala. Tapempha aliyense abwere ndi thumba lonse, ngakhale zogula yekha ku famase ndi za zitsamba, chifukwa khadi silinena zonse.

Enalapril, captopril ndi losartan, mankhwala a BP, ndi abwino kwa munthu wa shuga chifukwa amateteza impso, koma kwa mwana ali m'mimba amawononga impso zake ndi kuchepetsa madzi amene amakhalamo. Amasiyidwa mimba isanayambe, ndipo m'malo mwake dokotala amapereka methyldopa, nifedipine kapena labetalol. Mayi amene impso zake zayamba kale kutaya puloteni mumkodzo, dokotala ndiye amagamula ngati apitirize mpaka tsiku lodziwika kuti waima. Wotereyu ayenera kuyezetsa mimba akangodumpha msambo, osadikira mwezi wina. Atorvastatin ndi simvastatin, otsitsa mafuta m'magazi, nawonso amasiyidwa. Metformin, piritsi la shuga, akhoza kupitirira. Glibenclamide, piritsi lina la shuga, timamuchotsa: amadutsa mu nsengwa kupita kwa mwana, ndiponso amagwetsa shuga mwadzidzidzi. Metformin akalephera yekha, mayi amayamba insulini tsopano, asanaime, kuti aphunzire kudzibaya mtima uli m'malo.

Chimene chatilakwikira: mayi wina atamva kuti enalapril si wabwino pa mimba anasiya mankhwala onse, a shuga omwe, ndipo anabwera patapita masabata 3 shuga atakwera kufika 18. Tsopano sitinena mawu akuti "siyani" popanda kumuika mankhwala atsopano m'manja tsiku lomwelo, ndipo akalewo amatsala pakiliniki.

Kwa amayi amene ali pa ma ARV a TLD pali china. Dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a mu TLD, amachititsa kuti metformin achuluke m'magazi, motero metformin asapitirire 1,000 mg pa tsiku pokhapokha dokotala ataona zina. Tapeza makadi amene mbali ya ma ARV sinkadziwa za shuga, mbali ya shuga sinkadziwa za ma ARV.

Folic acid, vitamini wothandiza kupewa chilema cha ubongo ndi msana wa mwana, wafuna kufotokoza kwambiri. Mayi wodwala shuga amamwa 5 mg tsiku lililonse, kuyambira tsiku limene wayankha inde, makamaka miyezi 3 mimba isanayambe, mpaka sabata ya 12 ya mimba. Mapiritsi ophatikiza ayironi ndi folic acid amene ambiri amawadziwa ku sikelo amakhala ndi 0.4 mg yokha, choncho salowa m'malo mwa piritsi la 5 mg. Koma ikakwana sabata ya 13 mayi amayamba Fansidar woteteza malungo, ndipo folic acid wa 5 mg amafooketsa Fansidar. Ndiye pakhadi talemba tsiku losinthira: sabata ya 12 ikatha, 5 mg asiyidwe, abwerere ku 0.4 mg. Kuno malungo si nkhani yaing'ono kwa mayi wapakati, ndipo tsikuli likaiwalika mayi amameza Fansidar mwezi ndi mwezi koma chitetezo chili chochepa. Amene amamwa Septrin tsiku lililonse salandira Fansidar.

Pa chilezi, pempho lathu n'lakuti mayi adikire mpaka shuga atatsika, osati asabereke. Kusiyana kumeneku tikunena mobwerezabwereza, chifukwa ena amafika ali ndi mantha kuti a chipatala akufuna kuwatseka. Jadelle, Implanon ndi lupu zikachotsedwa, mphamvu yobereka imabwerera msanga. Jakisoni wa Depo amachedwetsa, kawirikawiri miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ndipo si woyenera kwa amene shuga yafika kale m'maso, mu impso kapena m'mitsempha. Mapiritsi olera ophatikiza nawonso si oyenera kwa otere, kapena kwa amene BP ndi yokwera.

Mwezi wachitatu

Kuyeza. Manambala a shuga amene tikulondola mimba isanayambe, mu muyeso wa mmol/L, ndi awa: podzuka m'mawa asanadye, 5 mpaka 7, asanadye chakudya cha masana kapena chamadzulo, 4 mpaka 7. HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi 2 kapena 3 yapitayo, ikhale pansi pa 6.5 peresenti ngati zingatheke popanda shuga kugwa pafupipafupi. Ikakhala pamwamba pa 10 peresenti timanena mosapita m'mbali kuti ino si nthawi yotenga pakati. Pakati pa manambala awiriwa kutsika kulikonse n'kopindulitsa. Wochoka pa 9 kufika pa 7.5 wachepetsa kale ngozi ya mwana wake, ndipo tizimuuza zimenezo.

HbA1c imanama nthawi zina. Imayezedwa pa maselo ofiira a magazi, ndiye chilichonse chowaphwanya msanga chimatsitsa nambala: malungo a posachedwa, sickle cell, kuikidwa magazi. Kuchepa kwa ayironi kukhoza kuikweza. Tsopano magazi a HbA1c amapita limodzi ndi oyeza kuchuluka kwa magazi, ndipo amene wangodwala malungo timayamba tadikira. Makina a HbA1c sapezeka pa kiliniki iliyonse, motero kabuku ka manambala a kunyumba ndi kamene tikudalira kwambiri.

M'timabuku timeneti mwapezeka zolakwika zitatu. Choyamba, mayi wina analemba 126, 140, 95, achibale n'kuyamba kulira poganiza kuti munthu akufa. Kamakina kake, kogulidwa ndi mbale wake kutauni, kamawerenga mu mg/dL pamene ife timalankhula za mmol/L. Kugawa ndi 18 kumathetsa nkhani: 126 ndi 7.0, 140 ndi 7.8, 95 ndi 5.3. Pachikuto cha kabuku kalikonse tsopano timalemba mtundu wa kamakina. Chachiwiri ndi zala. Chala chimene chagwira nzimbe, nthochi kapena chitumbuwa chimapereka nambala yokwera yabodza. Asambe m'manja ndi sopo, aumitse bwino, abaye m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakati. Chachitatu ndi timapepala toyezera. Tikasiyidwa m'botolo losatseka, pawindo kapena pafupi ndi mbaula, timawonongeka ndi chinyezi ndi kutentha. Tsiku lotha ntchito lili pabotolo.

Timapepalati n'todula ndipo ambiri sangayeze kanayi pa tsiku. Kwa amene ali pa metformin yekha tapanga kasinthasintha wa kapepala kamodzi pa tsiku: Lolemba podzuka, Lachiwiri patapita maola 2 atadya nsima ya masana, Lachitatu asanadye chamadzulo, Lachinayi podzukanso, n'kumazungulira choncho. Pakatha masabata 2 chithunzi cha tsiku lonse chimaoneka. Kuyeza m'mawa mokha tsiku lililonse kumabisa kukwera kwa pambuyo pa nsima. Wa insulini yekha sitingamuchepetsere motere. Ayenera kuyeza podzuka, pogona, ndi nthawi iliyonse akamva thupi lachilendo.

Mwezi wachinayi, dzuwa la Okutobala

Kutentha kwafika, ndipo manambala a amayi ena a insulini akwera popanda kusintha kadyedwe. Tayang'ana mabotolo. Insulini yosatsegula imasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Yotsegula ikhoza kukhala kunja kwa firiji, pamalo osapitirira madigiri 30, kwa masiku 28. M'nyumba ya malata masana a Okutobala kumatentha kuposa apo, ndipo kwa anzathu a kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe, n'koposa.

Opanda firiji, ndi amene magetsi amathimathima, tawaonetsa mtsuko. Pafunika mtsuko wadothi wosapaka utoto ndi kamphika kadothi kolowa m'kati mwake. Pakati pa ziwirizi pamathiridwa mchenga wa kumtsinje, n'kuunyowetsa m'mawa ndi madzulo. Botolo la insulini limaikidwa m'kachitini kapulasitiki kotseka bwino, kenaka m'kamphika, pamwamba n'kuphimba ndi nsalu yonyowa. Mtsukowo ukhale pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa chimene chimaziziritsa ndi madzi amene akuuma kudzera m'dothi. Ndowa yapulasitiki siichita zimenezi. Botolo lisaviikidwe m'madzi mwachindunji: pepala la dzina limamatuka ndipo kamphira kapamwamba kamada. Amene ali ndi firiji asaike insulini kufupi ndi kumene kumaundana madzi, popeza ikaundana yatha ntchito ngakhale itasungunuka.

Insulini ya Actrapid iyenera kuoneka ngati madzi a pampopi. Za Insulatard ndi Mixtard n'zoyera ngati mkaka, ndipo zimafuna kugubuduza pakati pa zikhatho kokwana 10 kapena kuposa mpaka zisakanikirane bwino. Kukhutchumula mwamphamvu kumabweretsa thovu ndipo muyeso umalakwika. Mukaoneka timibulu tomatirira m'mbali mwa botolo, litayidwe. Tsiku lotsegulira lilembedwe pabotolo. Botolo la 10 ml lili ndi mayuniti 1,000, ndiye wobaya mayuniti 20 pa tsiku amakhala atagwiritsa 560 pofika tsiku la 28. Kutaya yotsalayo kumapweteka mtima ndipo ambiri amakana. N'zomveka, koma mayi amene akukonzekera mimba sangadalire insulini yofooka.

Sirinji ifanane ndi botolo: U-100 ndi mayuniti 100 pa ml, U-40 ndi mayuniti 40 pa ml. Insulini ya U-100 ikakokedwa ndi sirinji ya U-40 mpaka pa mzere wa 10, munthu wadzibaya mayuniti 25. Sirinji iliyonse yogulidwa kunja ibwere tiione. Tagwiranso pamimba ndi pantchafu: pamene munthu amabaya malo amodzimodzi pamachita chotupa cholimba, chosapweteka, n'chifukwa chake amapakonda, koma insulini yobayidwa pamenepo imalowa mosadalirika. Asinthe malo, kusiya mpata wa chala chimodzi kuchokera pamene anabaya dzulo.

Maso ndi impso tatumiza mwezi womwe uno. Mimba ikhoza kukulitsa matenda a timitsempha ta kuseri kwa diso, ndipo kugwetsa shuga mothamanga kwa munthu amene wakhala naye wokwera zaka zambiri kukhoza kuwakulitsanso. Ndiye maso ayambe aonedwa, kutsitsa kwamphamvu kubwere pambuyo. Kalata zathu zikupita ku Chipata Central Hospital. Mankhwala odontheza otsegula diso amachititsa chimbuuzi kwa maola angapo, choncho mayi apite ndi womuperekeza ndipo asapalase yekha njinga pobwerera. Pa impso tikuyeza puloteni mumkodzo ndi creatinine, chinthu chimene chimachuluka m'magazi impso zikafooka. Creatinine wa 120 kapena kuposa, kapena eGFR (muyeso wa mphamvu ya impso) yosafika 45, ndiye kuti aonane ndi dokotala wamkulu asanasiye chilezi.

Mwezi wachisanu, mvula yayamba

Kadyedwe. Kuuza munthu wa kuno kuti asiye nsima n'kutaya mawu, ndipo sikofunika. Tikuyeza mtanda. Mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chake, theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga chibwabwa, bondwe, repu kapena delele, mbali yotsala ikhale nyemba, kapenta, dzira kapena nkhuku. Ufa wa roller kapena mgaiwa ndi wabwino kuposa wa breakfast chifukwa gaga amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, koma mitanda 3 ya mgaiwa imakwezabe shuga. Ndiwo zotendera nshawa n'zabwino, zimakhutitsa nthawi yaitali. Ayambe ndi ndiwo, nsima itsatire.

Zimene zikukweza manambala kwambiri si nsima koma zakumwa: thobwa, maheu, tiyi wa masupuni 3 a shuga, ndi phala la ufa woyera m'mawa. Panopa kwawonjezekera mango. Mango amodzi aang'ono pamodzi ndi chakudya savuta. Vuto ndi beseni lonse pansi pa mtengo masana. Kandolo ndi chimanga chachiwisi zikafika ziwerengedwe ngati nsima, osati ngati zongotolatola. Wa BMI (kulemera poyerekeza ndi kutalika) yopitirira 27 achepetse thupi tsopano, chifukwa mimba ikayamba si nthawi yochepetsa.

Mvula yabweretsanso vuto lotsutsana ndi limeneli. Mayi wa insulini amabaya m'mawa, n'kupita kumunda kukapalira asanadye, pofika 10 koloko akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, maso achita mdima. Khasu limatsitsa shuga monga mankhwala. Shuga akatsika pansi pa 4 amwe magalamu 15 a shuga wolowa msanga: tisupuni 3 kapena 4 ta shuga m'kapu ya madzi, kapena theka la botolo la 300 ml la Coca-Cola wamba. Ayezenso pakatha mphindi 15, abwereze ngati akadali pansi, kenaka adye chakudya chenicheni. Kathumba ka shuga kamangidwe pakona ya chitenje tsiku lililonse lopita kumunda. Akakomoka asamwetsedwe kanthu, angatsamwe. Agonekedwe chammbali, apakidwe shuga wonyowa pang'ono m'kati mwa tsaya, ndipo athamangire naye kuchipatala.

Zimenezi mayi sangadzichitire yekha atakomoka, n'chifukwa chake taitana abambo. Tsiku limene abambo abwera nkhani ya chilezi imayendanso bwino. Timawauza kuti: "Abambo, mwana mumufuna, ifenso tikumufuna. Tikupempha miyezi yoti magazi a amayi akhale bwino, kuti mwanayo adzafike wamoyo ndi wamphumphu." Mawu a apongozi amalemera kwambiri pabanja latsopano, makamaka chaka chikatha popanda mimba. Pamenepo tapempha a SMAG, anthu odzipereka olimbikitsa uchembere wabwino, amene amayenda m'midzi ndipo amadziwa kulankhula ndi akuluakulu, koma amapita pokhapokha mayi mwiniwake atavomera kuti matenda ake adziwike.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi

Ena manambala awo afika pabwino ndipo achotsa chilezi. Talemba ndondomeko ya tsiku limene msambo wadumpha. Mayi abwere sabata yomweyo, asadikire tsiku la shuga kapena la sikelo. Mkodzo ukaonetsa mimba timaonanso thumba la mankhwala, ndipo manambala olondola amasintha: podzuka pansi pa 5.3, patapita ola limodzi atadya pansi pa 7.8, patapita maola 2 pansi pa 6.4, koma wa insulini asatsike pansi pa 4. BP isapitirire 135/85. Aspirin wa 75 mpaka 150 mg, monga dokotala walembera, amayamba pa sabata ya 12 kuti ateteze BP yoopsa ya pakati, imene imagwira amayi a shuga kuposa ena.

Miyezi 3 yoyamba mseru ndi kusanza zimagwetsa shuga, ndipo insulini yofunika ikhoza kuchepa. Kuyambira chapakati pa mimba nsengwa imatulutsa mahomoni olimbana ndi insulini, muyeso n'kumakwera sabata ndi sabata. Mayi adziwiretu kuti kukwerako si chizindikiro chakuti walakwitsa. Shuga wa mayi amadutsa kupita kwa mwana koma insulini ya mayi siidutsa. Kapamba wa mwana amapanga insulini yake yambiri, mwana n'kunenepa mopitirira, mapewa n'kukakamira pobadwa, ndipo akangobadwa shuga wake amagwa. Choncho kochirira ndi kuchipatala chokhala ndi fiyeta, monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete, ndipo ndalama ya ulendo iyambe kusungidwa lero. Sikani ya sabata ya 20 iyang'anenso mtima wa mwana.

Wosanza kosalekeza, wopweteka m'mimba kapena wopuma mofulumira ayezedwe mumkodzo nthawi yomweyo maketoni, zinthu zimene thupi limapanga likamagwiritsa mafuta m'malo mwa shuga. Kwa mayi wapakati magazi akhoza kusanduka asidi shuga asanakwere kwambiri, ndipo mwana akhoza kufera m'mimba. Asasiye insulini chifukwa choti sakudya.

Zotsala mwezi wamawa: timapepala ta maketoni tilipo botolo limodzi lokha, ndipo tapempha ena. Mayankho a maso ena sanabwerere, ndiye kalata iliyonse tsopano ikupita ndi kachidutswa kodula kuti mayi abwere nako m'manja. Funso la miyezi 12 lija liyamba kufunsidwanso kuchipinda cha ma ARV ndi ku sikelo ya ana, kumene kuli amayi amene anapezeka ndi shuga ali ndi pakati koma sanayezedwenso chichirireni. Amenewa tiyamba ndi kuwayeza shuga wa m'mawa asanadye.